Nyimbo Yopanda Besi

"Khalani pansi, alamu. Mwaimirira kangati kuyambira m'mawa?" anatero Da Erinma.

Nwanyieze anabwerera pamphasa. Anakonza nsalu yake, naimasula, naimanganso, maso ali pazenera. Chimwalirireni mwamuna wake Ogbonnaya, malo ake anali pakona pa balaza pamenepo. Thupi linali likadali ku mochale kudikira abale akutali, ndipo mkazi wamasiye sadutsa pachipata maliro asanaikidwe. Woonetsetsa zimenezi anali Da Erinma, mlongo wamkulu wa malemu, amenenso ankatsogolera umuada, ana aakazi a mtunduwo, omwe mawu awo pamaliro satsutsidwa.

Akudo, mwana wamkazi wa malemu, analowa ndi madzi akumwa. Mayi ake sanalandire.

"Lero ndi Loweruka," anatero Nwanyieze.

"Tonse tikudziwa," anayankha Da Erinma, akusenda njere za egusi, zonga za maungu, m'lichero.

"Ayamba dzuwa likapendeka."

Ankanena za Egbe Igwe, gulu la nyimbo za roko limene linagwedeza mzinda wa Aba nkhondo yapachiweniweni itangotha, anyamata osowa chogwira atayamba kuliza magitala ngati akukangana ndi mvula. Ogbonnaya ndiye ankaimba gitala ya besi. Mwana woyamba atabadwa anasiya, natsegula sitolo ya zipangizo za galimoto, kenako nakhala mkulu wa mpingo. Akudo anakula osamuonapo atagwira gitala. Chaka chino anzake atatu otsala anadzamupempha kuti akwere nawo pansanja komaliza. Iye anavomera, ndipo ankayeserera kuseri kwa sitolo akatseka. Mtima unaima tsikulo lisanafike.

"Da, anthuwa atsala atatu," anatero Nwanyieze. "De Uwakwe akuyendera ndodo. Akatsika pansanja lero, sadzakweranso. Nyimbo zimenezo ndidzazimvanso kuti?"

"Mukavine roko mwamuna ali mufiriji?"

"Sindinati kuvina."

"Anthu akakuonani, ndi ati amene akasiyanitse? Mawa m'misika monse adzati Nwanyieze sanadikire n'komwe kuti dothi limukwirire. Ena adzati anamudya ndi iyeyo. Ndipo umuada akamva, sapondako kumaliro. Mchimwene wanga aikidwe ngati wopanda kwawo chifukwa cha magitala?"

Nwanyieze anaimiriranso, nafika pazenera, nabwerera yekha asanauzidwe. Akudo anatuluka, nalowa, natulukanso atagwira foni. Atabwerera kachitatu, Da Erinma anaika lichero pansi.

"Akudo, keke yonyamula anthu, ya matayala atatu, yaima kuseri kwa mpanda ija ikudikira ndani?"

"Keke iti, azakhali?"

"Usandiyese mwana. Ine ndinakusambitsa uli ndi mchombo."

Akudo anaweramitsa mutu. "Timafuna tingopita, tiime kumbuyo, tibwerere musanadziwe."

"Ndisanadziwe! Mumzinda muno nkhuku ikatsokomola kumsika wa Ariaria, ine ndimamva madzi asanawire." Anatembenukira kwa mlamu wake. "Ndipo inu mukanadumpha mpanda ndi mawondo amenewo?"

"Ndikanakwawa," anatero Nwanyieze. Sanakweze mawu. "Ogbonnaya anandiuza kuti ndikakhale kutsogolo, Da. Akuti kale ndinkabisala kumbuyo kuopa bambo anga, ndiye sanandionepo nkhope akuimba."

Panja wina ankakoka mipando ya anthu odzapepesa. Da Erinma anatola njere imodzi, naiyang'ana, naiponyanso m'lichero yosasenda.

"Dzulo ndinapita ku mochale kukasiya zovala," anatero. "Ndinamugwira dzanja mchimwene wanga. Kunsonga za zala kuli matuza ouma. Munthu wa zaka zimenezo, zala ngati za mnyamata woyamba kumene khasu." Anapukuta manja pansalu. "Dzukani."

Nwanyieze anadzuka. Da Erinma anawerama, napinda mphasayo, naipanira m'khwapa.

"Mwambo umati mkazi akhale pamphasa, mlamu wake ali pambali. Mphasa nayi, mlamu ndine. Amene ali ndi mawu abwere kwa ine. Koma mverani, alamu: mukangogwedeza phewa, ndikukokani pamaso pa anthu. Akudo, uza wa kekeyo abwere kuchipata. Ife si akuba."

M'bwalo la hotelo, momwe munkachitikira zoimbazo, munali mutadzaza imvi. Azibambo ena anali atafukula mathalauza akale otambalala kumapazi, osatsekanso m'chiuno. Amayi ankadzikupiza ndi timapepala, jenereta ikulira kuseri. Anthu ataona mkazi wamasiye, manong'onong'o anayenda m'mizere ngati moto wa m'udzu. Da Erinma anayenda patsogolo, akuyang'ana aliyense m'maso mpaka mwiniwake atayang'ana kumbali. Anayala mphasa pasimenti, patsogolo penipeni. Nwanyieze anakhala, Akudo nakhala pambali pake. Mnyamata wa pahotelo anabweretsa mpando, koma Da Erinma anaukana, nakhala pansi nayenso.

Madoda atatu anakwera pansanja mothandizana. Woimba ng'oma anamwa kaye mankhwala ake. Wa gitala anapukuta magalasi nthawi yaitali, anthu mpaka kuyamba kumuseka.

"De Nwokoma, nsambozo mukuziona koma?" anakuwa wina.

"Ndikuona kuti mano akuthera," anayankha mkuluyo, nakanda gitala.

Inalira ngati chitsulo chikung'ambika. Akudo anadzidzimuka. Anthu amene ankangowadziwa akuwodzera m'tchalitchi anaimirira, manja m'mwamba, akukuwa mawu onse pamtima. De Uwakwe anakoleka ndodo yake pachitsulo cha maikolofoni, ndipo mawu amene anatuluka m'chifuwa chowondacho anali aukali, osasa, osakalamba. Mnyamata wina wobwereka ankaimba besi ataima chakumbali. Nwanyieze anakhala chowongoka, manja pamiyendo, Da Erinma akumuyang'anira mapewa.

Patapita nyimbo zingapo De Uwakwe anakweza dzanja. Mnyamata uja anatsamiritsa gitala pasipika, natsika.

"Nyimbo iyi mwana sangaigwire," anatero mkuluyo, akupuma movutika. Anayang'ana pamphasa, nagwedeza mutu pang'ono. "Mwini wake watitsogolera. Inu mukuidziwa. Mutithandize."

Ng'oma zinayamba, gitala inalowa, koma pansi pa nyimboyo panali dzenje. Kenako kumbuyo wina anayamba kung'ung'udza, ena namutsatira, mpaka bwalo lonse linkalira chapansipansi, milomo yotseka, kudzaza pamene besi inayenera kudutsa.

Nwanyieze sanang'ung'udze nawo, ndipo phewa silinagwedezeke. Anangoika dzanja pamsana pa mwana wake. Zala ziwiri zinayamba kugogoda besi ija mofatsa, kutsika, kudumpha pang'ono, n'kubwereranso.

Akudo anauma thupi. Kugogoda kumeneko ankakudziwa. Ali wamng'ono, malungo akamugwira, bambo ake, munthu wosayankhulayankhula uja, ankamugoneka pamiyendo n'kumamugogoda chomwecho pamsana mpaka tulo titabwera. Iye ankayesa kuti bambo aliyense amatonthoza mwana motero.

Sanacheuke, kuopa kuti dzanjalo lingasiye. Anangosendera chambuyo pang'ono, kuti zala zifike bwino.