Fumbi la Penti Yakale

Renata Pawlak anatha miyezi isanu ndi iwiri akupala penti m'nyumba yakale imene iye ndi mwamuna wake Glenn anagula mumzinda wa Buffalo, ku America. Masitepe, zitseko ndi mafelemu a mawindo zinali zitapakidwa penti yoyera kangapo konse, ina pamwamba pa inzake. Renata ankapala ndi chitsulo, kenako n'kukwecha ndi makina mpaka thabwa la oki lionekere. Ntchitoyo inkamukomera. Mwana wawo Josie, wazaka ziwiri, ankasewera pansi pomwepo, zala zili m'kamwa.

Mu Novembala Josie anasiya kudya, ndipo timawu timene ankadziwa tinayamba kumuthawa. Adokotala atamuyeza magazi anapeza mtovu wochuluka, wochokera m'fumbi la penti yakaleyo. Anati mankhwala auchepetsa, koma zimene zawonongeka m'mutu mwina sizidzabwerera.

Mwanayo anakamusiya kwa mlongo wake wa Glenn. A zaumoyo analamula kuti asabwerere kufikira fumbi litachotsedwa ndiponso matabwa onse atamatidwa kuti mtovu usatulukenso.

Loweruka lina awiriwo anapita kusitolo ya penti, atatenga kachidutswa ka thabwa. Wogulitsa, nkhalamba ya magalasi, anakasisita ndi chala.

"Oki wa zaka zana ameneyu! Mwapala nokha, mayi? Dzanja muli nalo. Apa musavutike, pakani phula basi. Thabwa lotere silifuna kubisidwa."

Phula ndi limene Renata ankalakalaka chiyambire. Chitini chake anali atachigula kale, chili m'kabati.

"Phula silitseka kanthu," anatero Glenn. "Tikufuna utoto wolowerera, ndi vanishi wolimba pamwamba."

"Aa, bambo, mukufuna kuliveka pulasitiki? Mayiwa akuthamangitsanitu m'nyumba."

"M'timing'alu umo mwatsalira mtovu," anatero Glenn. "Mwana wathu wadwala nawo."

Nkhalambayo inavula magalasi. Inatulutsa bolodi la timatabwa tamitundumitundu, kuyambira tofiirira ngati uchi mpaka takuda bii, n'kupita kukakonza mashelefu amene anali okonzeka kale.

"Sankha, Renata," anatero Glenn. "Za matabwa umazidziwa ndiwe."

"Nena zimene ukufuna kunenazo."

"Ine sindinanene kanthu."

"Ndi zimenezotu. Miyezi itatu usakunena kanthu. Bola ukanandituka."

Glenn anangoyang'ana pansi. M'chilimwe anali atamuuzapo kamodzi kuti ayambe wayezetsa pentiyo, Renata n'kumuseka kuti ndi wamantha. Onse awiri ankakumbukira tsikulo.

Renata analoza kathabwa kakumapeto, kakuda kuposa tonse.

"Utoto umenewo ukwirira mizere yonse ya thabwa, mayi," inatero nkhalamba ija chapansipansi.

"Ndikudziwa. Tipatseni zitini zinayi."

Renata sanapake yekha. Kunabwera amisiri ovala zophimba kumaso, napukuta nyumba yonse, napaka utotowo ndi vanishi katatu. Nyumba inada ngati tchalitchi chakale. A zaumoyo atayezanso fumbi anati zili bwino.

Josie anabwerera mu Malichi, atanenepako pang'ono. Akamuitana ankatembenuka mochedwa. Lachiwiri ndi Lachisanu Renata ankapita naye kwa mphunzitsi wa kalankhulidwe, ndipo pofika Juni mwanayo anali atabweza mawu asanu ndi limodzi. Glenn anayamba kugona m'chipinda chapansi, ati msana ukumuvuta pokwera masitepe. Renata sanamufunse zambiri, anangomutsitsira bulangete lachiwiri.