Makadi a Sikelo ndi Chigafa cha Isake

Mu Febuluwale 1995 mphepo inagwetsa chigafa cha Isake kwa Mitundu, fodya yense n'kuwolera m'matope. Isake anali atangosiya utenanti n'kuyamba kulima fodya wakewake.

"Mphepo ikukula chaka ndi chaka. Ndi matipate amenewa," anauza mkazi wake Idesi. "Tibwerere ku esiteti basi."

Masiku amenewo matipate ankanamiziridwa chilichonse, ngakhale chimfine. Koma Idesi mtima unamuwawa, poti ku esiteti anazunzikako mokwanira. Anapita kwa alangizi, a Maliro.

"Choyezera mphepo kuno kulibe, mayi," anatero a Maliro. "Tifunse anthu kuti inabwera liti, inachokera kuti, inaononga chiyani."

Pamsonkhano abambo anangokangana za zaka. Kenaka Idesi anadzuka.

"Pamene mphepo inasasula tchalitchi, mnzathu Felesiya anali ndi khanda la masiku atatu. Nanga khadi la sikelo silinena tsiku?"

Amayi anathamangira kunyumba zawo akuseka, n'kubwera ndi makadi akale, ena odyedwa ndi mphemvu. A Maliro ankalemba pabolodi: yothyola nthambi, yosasula udzu, yonyamula malata. Panapezeka mphepo zisanu pa zaka khumi ndi zisanu.

"Ndiye ikukula, si choncho?" anafunsa Isake.

"Zisanu n'zochepa, bambo, komanso anthu amakumbukira kwambiri zaposachedwa. Sitinganene kuti ikukula kapena ayi. Koma taonani apa."

Zonse zinabwera mu Januwale kapena Febuluwale, zonse kuchokera mbali ya Dzalanyama. Yoopsa kwambiri inali ya 1983, matipate asanabwere. Anthu anafa nazo nseko, Isake n'kumangokanda m'mutu.

Chigafa chake chakale chinkapingasa njira ya mphepoyo. Chatsopano anachimanga molozetsa mutu ku Dzalanyama, mafoloko ochirikiza denga anawakumbira mozama, ndipo mbali imeneyo anabzalako mitengo. Idesi anagula kope lolembamo za mphepo.

Chaka chotsatira mphepo inabweranso masana, yonyamula malata. Chigafa chinagwedezeka, chinalira, koma chinaima, fodya ali momwemo. Idesi anavina pamvula ngati mwana, kenaka anatenga kope lija.

"Ndilembe chiyani, bambo ake?"

"Lembani tsiku ndi kochokera," anatero Isake. "Pansi pake mulembe kuti ku esiteti sitikupitanso."

Abale, tisathamangire kunena kuti mphepo ikukula kapena ikuchepa umboni uli wochepa. Tizilemba mphepo iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, ndipo pomanga tizikonzekera yoopsa kwambiri imene tinaionapo.