Mawu a Kachipewa Asadulidwe

Moni kwa inu owerenga okondedwa. Tiyamike Ambuye amene watisunga ndi moyo, natipatsa maso owerengera lero. Khalani pansi ndikuuzeni za mtsikana wina wa pa koleji amene anzake ankamutcha Lumo.

Dzinali linadza ndi ntchito. Aphunzitsi anagawa kalasi m'magulu kuti gulu lililonse lijambule kanema wa sewero la ana, ndipo Lumo ndiye ankadula ndi kulumikiza zojambulazo pa laputopu. Chilichonse chotalika pachabe ankachimeta mopanda chisoni. Ana osewerawo anawatenga ku Sande sukulu kumene Lumo ankaphunzitsa, ndipo nkhani ya sewerolo inali ya kamwana kotayika pa depoti ya basi.

Pakati pa anawo panali Kachipewa, mtsikana wachibwibwi amene sankavula chipewa chake chofiira ngakhale mumthunzi. Mbali yake inali yaifupi: kuthamangira wapolisi n'kunena kuti, "Mlongo wanga wasowa." Koma tsiku lojambula mawuwo anamukanirira pakhosi. Anayamba, nabwerera, nayambanso. Ana enawo sanaseke. Anangoima chilili kumudikira, ndipo mnyamata wosewera ngati wapolisi anagwada n'kumugwira paphewa mpaka mawu onse anatuluka.

Vuto linali lakuti kanemayo anapitirira nthawi imene aphunzitsi anaika, ndipo iwo anali atanenetsa kuti wotalika sadzamuonetsa tsiku lachionetsero. Mtsogoleri wa gulu, amene ankadzitcha yekha Dairekita, anakoka mpando m'chipinda cha makompyuta n'kuloza ndi cholembera.

"Asisi, apa m'pamene pakutidyera nthawi. Mwanayu achokemo. Wapolisi angonena yekha kuti pali mwana wasowa."

"Achimwene, mwanayu wayesera mawu amenewa mpaka kutulo. Sachoka."

"Ndiye mumukonze. Si ndinu Lumo nanga?"

Lumo anavala mahedifoni m'makutu, nayamba kumeta. Anachotsa pobwereza ponse, anachotsa pamene panali zii, analumikiza tizidutswa totsala. Pomaliza Kachipewa wa m'kanema ankalankhula mosadodoma ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Chipewa chokha n'chimene chinkadumphadumpha pamene panadulidwa, ndipo dzanja la wapolisi linkangopezeka paphewa osaoneka kumene lachokera. Komabe Lumo anakondwa. Mumtima anati wamuchitira mwanayo chifundo.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Lumo anaitana Kachipewa ndi mayi ake pa benchi la pakhonde, natsegula laputopu. Mayiwo anaomba m'manja.

"Ambuye alemekezeke! Mwana wanga kulankhula chonchi?"

Kachipewa sanamwetulire. Anapempha kuti abwereze, naoneranso ali duu. Kenaka anakokera chipewa kumaso, nalimbana ndi mawu kanthawi, ndipo Lumo anamudikira.

"A-anti, ameneyo si ine."

"Ndiwe, mwanawe. Taona chipewa."

"Chipewa n'changa. Koma anzanga a-anandidikira. Mwachotsa podikira paja. Akadzaona adzati ndinalephera, m-mwachita kundikonza."

Mayiwo anamukodola ndi chigongono kuti asalankhule choncho kwa akuluakulu, koma Lumo anali atamva kale. Pobwerera kwawo mawuwo ankamulira m'makutu ngati belu. Iye amene ankaphunzitsa ana Lamulungu lililonse kuti Mulungu sanalakwitse powaumba, ndiye anali atakhala pansi ndi lumo kukonza chimene Woumbayo anasiya. Anapemphera pang'ono ali m'basi, ndipo potsika anali atatsimikiza mtima: Kachipewa abwereramo wathunthu, ndipo kanemayo sapitirira nthawi.

M'mawa mwake anabwezeretsa malo aja monga anajambulidwira, nayamba kusaka pena pometa. Choyamba kugwa chinali chake chomwe. Kumayambiriro kwa kanema anali atakonza zilembo zamitundumitundu zovina ngati ana, ntchito imene inamutupitsa maso ndipo ankainyadira. Anaichotsa, naika mutu wa sewero wosakongoletsa. Sizinakwanire. Anameta basi yofika, anameta basi yonyamuka. Sizinakwanirebe. Panatsala malo amodzi: pamene Dairekita mwini wake, atavala ngati kondakitala, ankaitanira anthu akuzungulira basi n'kuvina pang'ono.

Dairekita atalowa n'kuona, anagwira m'mutu.

"Asisi, gule wanga ali kuti?"

"Wakwera basi, achimwene. Wapita."

"Mukuseka? Pamene paja m'pamene anthu akadaseka! Mwachotsa zosangalatsa n'kusiya mwana akuvutika ndi mawu. Anthu adzatopa, ndipo aphunzitsi adzati sitidziwa kudula. Mukufuna tonse tilakwe?"

"Sewero ndi la ana, si la akondakitala a ndevu. Zilembo zanga zapita, gule wanu wapita. Takhalani pansi muonere kaye, mukatero mundinyoze."

Anamuveka mahedifoni. Dairekita anaonera atakwinya nkhope, mwendo ukugwedezeka. Pofika pa Kachipewa mwendo uja unaima. Atatha anavula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Komabe ndinavina bwino," anatero akuyang'ana kumbali.

"Munavina bwino kwambiri. Ndikuikirani pa foni mukaonetse apongozi."

"Aphunzitsi akakalipa, ndidzaloza inu."

"Mudzaloze ndi manja onse awiri."

Tsiku lachionetsero holo inadzaza ndi ophunzira, makolo ndi ana. Lumo anakhala kumbuyo. Anthu ankatafuna, kunong'onezana, mafoni akuwala. Ndiye Kachipewa anatulukira pa chinsalu choonetsera kanema akuthamanga, naima pamaso pa wapolisi, mawu n'kumukanirira. Wina anayamba kuseka, koma kusekako kunafera m'njira. Wapolisi anagwada. Ana a m'kanema anadikira, ndipo holo yonse inadikira nawo, kuli zii, ngati mpingo woyembekeza amene akupemphera kuti afike pa Ameni. Mawu atatuluka, mayi wina kutsogolo anafuula, "Thamangani mukamusake mwanayo!" ndipo anthu anaseka akupukuta m'maso.

Aphunzitsi pambuyo pake anati phokoso la mphepo linachuluka ndipo mutu wa kanema unali wouma ngati chikwangwani cha pachipatala. Za malo a Kachipewa aja anangofunsa kuti, "Anasiya osadula ndani?" Dairekita anakweza dzanja limodzi ndi Lumo, mopanda manyazi.

Pakhomo Kachipewa anamukoka Lumo diresi.

"A-anti, uja ndiye ine."

Lumo anagwada monga anagwadira wapolisi uja, namukonzera chipewa. Kuyambira pamenepo, asanadule pamene pali zii, ankayamba wayang'ana nkhope za anthu kuti aone ngati pali wina amene akudikiridwa.

Ndipo inu owerenga, Ambuye amene satopa kutidikira tikamadodoma m'mapemphero akudalitseni. Akupatseni makutu oleza, ndipo pamene mawu anu achedwa, akutumizireni wogwada pambali panu. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu ndi pa ana anu. Ameni.