Tirigu wa M'zitini za ku Kanyama

Ba Kombe ankagwira ntchito pamunda wofufuzira mbewu kunja kwa Lusaka. Ntchito yawo inali kukwatitsa tirigu. Ankatenga mungu wa mtundu wolimba n'kuuthira pa ngala za mtundu wobereka kwambiri koma wosachedwa kugwidwa ndi dzimbiri, matenda ofiiritsa masamba aja. Tsiku lina anatapa njere za ukwati woterewu n'kupatsa Abusa Dyton a mpingo wathu, kuti tidzapeze ufa wa mkate wa Mgonero.

Tiriguyo anakula kuseri kwa tchalitchi wopanda banga. Abusa anati ndi mafuta odzozera amene anawaza.

Chaka chotsatira anagawa njere zake, imodzi pa banja, kuti tibzale m'zitini pakhonde la tchalitchi. Tinalipo mabanja makumi anayi.

"Mbewu siinama," anatero Abusawo. "Wamene ali na chimo yobisa, chitini chake chizamuulula."

Tinathirira mwamantha ndi monjenjemera. Pofika Ogasiti, zitini khumi ndi chimodzi zinali zitafiira. Chimodzi chinali cha Ba Felistus, akazi a Ba Kombe, amene anatsogolera nyimbo za amayi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Akulu a mpingo anagamula kuti Lamlungu limenelo abweze duku loyera la chigwirizano pamaso pa onse.

"Bashi Monde, kambani vamene muziba," Ba Felistus ananong'oneza amuna awo, powaitana ndi dzina la mwana wawo. "Olo mufuna nivule duku?"

Njere zija sizinkaloledwa kutuluka pageti la munda wofufuzira uja, ndipo kapitawo wa Ba Kombe anali pabenchi lachitatu, Baibulo lili pamwendo. Ba Felistus atayamba kumasula mfundo ya duku, bamboyo anaimirira.

"Ba Abusa, mbewu iyi ninaitenga kunchito. Ili na ambuye babili, wina wolimba, wina wodwaladwala. Bana bonse banatengela wolimba, koma kufooka kunabisama mukati. Kumatulukila pa bazukulu, umozi pa folo aliyense. Olo mugone pa phiri kupemphela, vizankhala so."

Anthu ena ankawerenga zitini ndi milomo. Abusa anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenaka nkhope yawo inawala.

"Mwamvela, bana ba Mulungu? Ni tembelelo ya makolo. Mzimu unanionetsa kudala, ninali kuyembekezela chabe mboni."

Analamula kuti tisale kudya masiku atatu, kumasula agogo a tiriguyo kulikonse kumene ali. Eni zitini zofiira anawalengeza osalakwa, popeza tchimo linali la agogowo.

Kapitawo anaweramira kwa Ba Kombe. "Mande mupitile ku ofesi, mulamu."

Ba Felistus anamanganso duku lawo, mfundo ziwiri, n'kuyambitsa nyimbo yoyamika. Anaikweza kwambiri moti ife a mawu apansi tinangotsegula pakamwa.