Khoma Limene Ndinakwecha

Ndinali nditangomaliza kutsukuluza khoma, thovu likuyenderera mpaka m'zigongono, pamene Potiphar mlonda anandipeza. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa, wailesi yake ikulongolola yokha pa lamba.

"Ba Rosta, mwacita cani apa?" anafunsa m'Chinyanja chake cha ku Chipata.

Ndinamuuza kuti ndachotsa litsiro, ndipo ndinanena monyada, chifukwa banga lomwe linali pakhomapo linandivuta kuyambira m'mawa. Linali lakuda, lonona, lalikulu ngati mbale, pafupi ndi chitseko cha kachipinda kopemphereramo. Potiphar anangondilozera katoni yomwe inali pakona. Munali galasi ndi kachikwangwani, zoti amisiri adzakhome mawa lake pamwamba pa banga lomwelo.

Nyumbayo inali ya makolo a mabwana anga, ku Deira mumzinda wa Dubai, kufupi ndi kumene mabwato amatsitsa katundu. Banjalo linasamukira kalekale ku Oud Metha, kumene ine ndinkasamalira Mama Moza, gogo wa zaka makumi asanu ndi atatu. Mdzukulu wawo, Madamu Noura, ndiye anaganiza zosandutsa nyumba yakaleyo kukhala malo oonetsera zinthu zakale za chipembedzo. Kutatsala masiku atatu kuti aitsegule, ananditenga kuti ndikathandize kupukuta fumbi. Ananenetsa kuti za m'magalasi ndisakhudze. Za makoma sananenepo kanthu.

Ine, mwana wa kwaya ya ku Ntcheu, zinthu zoterezi ndinali ndisanazionepo. Munali Makorani olembedwa pamanja, zilembo zina zagolide, matabwa amene ana ankaphunzirirapo kulemba, ndi kachipangizo kamkuwa kolozera ku Maka. Ndinkafunsa chilichonse, Potiphar n'kumayankha ngati shehe, chonsecho anangoloweza zikwangwani. Koma maso a wantchito sapuma. M'nyumba zinayi zomwe ndagwiramo ntchito, palibe bwana anandiyamikirapo chifukwa chosiya banga pakhoma.

Potiphar anandiwerengera kachikwangwani kaja pang'onopang'ono. Kwa zaka zoposa zana, aliyense wolowa kukapemphera ankatsamiza dzanja pamenepo povula nsapato: eni nyumba, ana, alendo, antchito. Litsiro limene ndinalimbana nalo maola anayi linali manja a anthu.



Madamu Noura anafika masana. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anajambula khomalo ndi foni, n'kunena kuti mwambo wotsegulira ukatha alankhula ndi ejenti amene anandibweretsa. Wantchito aliyense ku Dubai amadziwa tanthauzo la mawu amenewo: viza yatha, longedza. Ndinaganiza za mwana wanga wamkazi amene anali atangoyamba sukulu ya unamwino podalira ine. Potuluka, Madamu analamula kuti agogo awo asamve.

Potiphar, mwa chisoni chake, anati tipakepo khofi wosakaniza ndi mafuta, palibe angadziwe. Sindinama, kapu ndinaigwira. Koma nditaima pamaso pa khomalo ndinalephera. Ndinali nditafufuta kale anthu akufa, ndiye ndiwanamizirenso? Khofiyo anamwa Potiphar.

Mawa lake Mama Moza anauma mutu kuti akufuna kuona nyumba yobadwiramo alendo asanaipondeponde. Ndinawakankha pa njinga yawo ya olumala chipinda ndi chipinda, Madamu Noura akutsogolera njira mozemba kachipinda kaja. Gogoyo ankaunguza chilichonse. Korani iyi ankawerenga bambo awo, nyale iyo sinali ya m'nyumba muno, mwaigula kuti? Ine mtima unali m'malere, komabe ndinkafuna kumva zonse.

Kenaka analoza ndi ndodo kuti tikhotere kumanzere. Pakhomo pa kachipindako anadzuka okha. Osayang'ana n'komwe, anatambasula dzanja kuti avule nsapato, ndipo linakagwa pakatikati pa malo oyera aja. Anaima. Anasisita khomalo, n'kuliyang'ana, n'kufunsa kuti wachita izi ndani.

Madamu Noura anayamba kunena za amisiri, koma ine pakamwa panatseguka pokha.

"Ndine, Mama. Ndinkayesa ndi litsiro."

Mama Moza anabwezera chala pakhomapo.

"Dzanja la bambo anga linali apa," anatero motsitsa mawu. "La mwamuna wanga linali chapamwambapa. Anali wamtali."

Misozi inangotsika m'masaya mwanga. Kuchotsedwa ntchito ndinali nditakuiwala, chimene chinandipweteka chinali chala chawo chikufunafuna pakhoma lopanda kanthu. Ndinapepesa m'Chingerezi, m'Chiarabu changa chothyokathyoka, mpaka m'Chichewa.

Kenaka anafunsa kuti ndinagwiritsa ntchito chiyani. Ndinadabwa, koma ndinayankha: sopo, soda, mandimu ndi burashi. Anafunsanso kuti mandimu angati. Nditati asanu ndi limodzi, mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira, koma kunali kuseka, mpaka kutsokomola. Anatifotokozera kuti amayi awo analimbana ndi banga limenelo moyo wawo wonse. Chikondwerero cha Idi chikayandikira ankalikwecha, akunyoza aliyense wa m'nyumbamo kuti ndi wauve, koma linkawakanika, ndipo alendo akabwera ankaimapo kulibisa ndi msana.

"Ndiye iwe Noura umafuna kuika m'galasi chinthu chimene chinkawachititsa manyazi amayi anga?"

Madamu anayesa kufotokoza za mbiri yomwe yatayika, natchulanso za ejenti. Gogoyo anagogoda ndodo pansi kamodzi.

"Wochoka m'nyumba mwanga ndimanena ndine. Galasi lakolo usaikepo, anthu azivula nsapato. Yalla, tiye Rosta, ndigwire."

Ndinawagwira mkono mpaka pa mkeka wopemphererapo, n'kubwerera kukadikira pakhomo. Nditakweza maso ndinaona kuti pakhoma langa loyera patsala zala zisanu za mafuta onunkhira amene ndinawadzoza Mama Moza m'manja m'mawa uja. Kansanza kopukutira kanali m'thumba la epuloni, ndipo zala zanga zinali zitakagwira kale. Ndinakasiya, n'kupinda manja kumbuyo.