Dzenje Lachiwiri la Danwell

"Ichi chigwetsedwe mvula isanayambe," anatero a Robson, akugogoda khoma la chimbudzi ndi ndodo yawo.

Eneless anali atagwada pabwalo, akuwola phulusa la moto wa pamaliro ndi mbale yobooka. Olira anali atabalalika dzulo lake. Panangotsala zitsa zopserera, udzu wogonera amayi, ndi mpando wa mwamuna wake Danwell umene aliyense ankaulambalala.

"Alamu, mukundimva?"

"Ndamva, alamu."

A Robson anali mkulu wake wa malemu. Pakhomo la nyumba panaima Judith, mwana yekhayo wa Eneless, amene anabwera kuchokera ku Chipata komwe ankasoka zovala. Sanayang'ane amayi ake.

Chimbudzicho chinali chosiyana ndi zina zonse za ku Mphamba. Danwell anachimanga chaka chija zinthu zinagwera pamodzi. Mvula inagumula zimbudzi za mudzi wonse, mlatho unakokoloka, matenda a m'mimba anatenga ana, ndipo kopaletivi imene inkabweretsa feteleza inangofa osadzukanso. Danwell anakumba maenje awiri osaya, nawamanga ndi njerwa. Wolowamo aliyense ankathira phulusa ndi dothi potuluka. Dzenje limodzi likadzaza ankalitseka, banja n'kusamukira ku linalo. Chaka chikatha ankalitsegula, n'kututira kumunda zimene zasanduka dothi lakuda.

Chimanga chinkabereka ziwiriziwiri, koma anthu sankachidya. Amayi a kumpingo akabwera kudzacheza, Eneless akaotcha mondokwa, ankati akhuta. Ku msika wa Lundazi ankayala ndiwo zake kumapeto, kumene kunalibe womudziwa. Ngakhale pamaliro, amayi ophika anabwera ndi ufa wawo. Thumba la ufa wa panyumbapo linali likadali m'khitchini, chingwe chake chosamasulidwa.

"M'bale wanga zinamudwalitsa n'zomwezi," anatero a Robson. "Munthu wamkulu kumagwira manyi a anthu."

"Achipatala anati ndi mtima," anatero Eneless.

"Achipatala amanena zambiri. Tsopano mverani. Munda uja ndi wa banja lathu. Mwini wake wapita, feteleza mulibe. Mukatsala nawo mudzakololamo chiyani? Ine ndibzalamo fodya. Inu pitani mukapume kwa mwana wanu."

"Ndikaulima?"

A Robson anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. "Mukaulima ndi wanu. Koma mvula yoyamba ikaupeza uli tchire, ng'ombe zanga zilowamo." Anatsanzika, nanyamuka.

Judith anabwera kudzakhala pambali pa amayi ake.

"Amama, tiyeni. Chipinda chilipo."

"Ndikachite chiyani ku Chipata?"

"Mukakhale ngati munthu. Kuno chakudya chanu akudya ndani? Ine kusukulu ankanditcha mwana wa m'chimbudzi. Adada ankadziwa, koma sanasiye."

"Chaka cha njala sunagone ndi njala."

"Ndikudziwa, Amama. Koma ndinkadyera kuseri kwa kalasi, ndekha."

Eneless anapitiriza kuwola phulusa. Nayenso zaka zonsezo manyazi omwewo anali atamudya m'kachetechete.

Judith anakwera basi m'mawa mwake. Anasiya shuga ndi sopo patebulo, ndipo pokumbatira amayi ake anagwira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Fumbi la msewu litakhazikika, Eneless anabwerera pakhomo popanda womufunsa kuti wayenda bwanji.

Masiku otsatira anali aatali. Ankadzuka, kusesa, kutereka madzi, kenako n'kupeza kuti watulutsa makapu awiri. Odutsa pamsewu ankapereka moni ali patali, iye n'kuyankha m'Chitumbuka kuti yewo, iwo n'kupitirira. Masana ankakhala pamthunzi wa mango kumvetsera nkhuku zikupalasa. Kum'mawa mitambo inayamba kuunjikana, ndipo tsiku lina anamva kununkhira kwa mvula imene inagwa kutali, cha ku Lukusuzi. Madzulo omwewo anaona mwana wa a Robson akuyesa goli pa ng'ombe.

Kutacha anamanga chitenje molimba, natenga khasu, nazungulira kuseri kwa chimbudzi.

Kumeneko sanali kupondako kawirikawiri. Tsiku limene Danwell anatsegula dzenje koyamba, Eneless anamuuza kuti adzaphika, adzapalira, adzakolola, koma ntchito iyi sadzaigwira mpaka kufa. Danwell anangoti palibe mlandu, ndipo sanamupemphenso. Eneless ankamuona ali patali, akulimbana ndi chivundikiro cha simenti chachikulu ngati chitseko, akuchitukula ndi mtengo, thukuta lili kamukamu. Tsopano anaima pamwamba pa dzenje lachiwiri, limene mwamuna wake analitseka chaka chatha, osadziwa kuti chinthu cholemera chotero achisuntha bwanji, kapena apempha ndani.

Anayamba kupala dothi la pamwamba. Khasu linagunda simenti. Anapala mbali ina, napeza mng'alu wowongoka. Anaganiza kuti chivundikiro chasweka, koma atasesa ndi manja anaona kuti sichinali chimodzi. Zinali tizivundikiro tating'onoting'ono tondondozana, kalikonse kosaposa lichero, kalikonse ndi chogwirira cha waya chokulungidwa ndi mphira wa njinga.

Anakhala pansi. Anakumbukira mwezi umene anabwerako kuchipatala, adokotala atawauza za mtima uja. Danwell anatha masiku akukanda simenti kuseri kuno, akupumira m'mwamba. Eneless anamukalipira ali kukhitchini kuti adzipha ndi chimbudzi chake, koma sanapite kukaona chimene ankaumba.

Analowetsa zala m'chogwirira choyamba. Zinalowa bwino, zinayi zonse, osatsala mpata. Danwell anali ndi zala zikuluzikulu, zokhakhala, zimene sizikanalowa ngakhale ziwiri.

Anakoka. Kachivundikiro kanadzuka mosavuta. M'kati munali dothi lakuda, louma, lofumbutuka, lonunkhira ngati pansi pa mitengo ya m'thengo. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatapa ndi dzanja, nalifinya, nalisiya lidutse pakati pa zala.

"A Danwell inu," anatero motsitsa mawu, "bwenzi mutangondiuza."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, natsamiritsa kachivundikiro kukhoma mosamala kuti kasasweke, nalowetsa zala m'chogwirira chachiwiri.