Wopenta Wakakamira Kudenga

Wopenta wina anali ndi nthenda imodzi: sankamva nkhani mpaka kumapeto. Ukangoyamba kuyankhula, iye "Ndamva, ndamva!" uyo wanyamuka.

Mlamu wake wa kufakitale anamubweretsera magolovesi ndi zovala m'mawondo zotengera phazi la nalimata. Guluu ayi, kunata ayi, koma timaubweya tosaoneka ndi maso togwira khoma kuti gwa.

"Kukwera n'kosavuta, alamu. Koma potsika..."

"Ndamva, ndamva!"

Amene anamvetsera zotsalazo ndi mkazi wa wopentayo, ali pakhomo la kukhitchini.

M'mawa wina mkaziyo anati, "Bambo a mwana, takhalani pansi tikambirane." Wopenta atamva zokambirana anavala zida zija, n'kukwawa pakhoma la pabalaza, kudutsa wotchi, kudutsa chithunzi cha ukwati, mpaka kudenga. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, lende ngati mleme!

"Ndili pantchito," anatero, bulashi alibe, penti alibe.

Mkazi sanakalipe. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi sutikesi.

"Ndikupita kwa achemwali. Ndatopa kuyankhula ndi msana wanu."

Apa mantha anamugwira zenizeni, poti iye mkazi wakeyo ankamukonda, vuto linali makutu basi. Anakoka dzanja, linakana. Anakokanso mwamphamvu, koma zinthuzo ukamakoka m'pamene zimalimba. Thukuta linayamba kudonthera patebulo. Nalimata weniweni anatulukira kuseri kwa babu, anamuyang'ana mlendoyo, n'kumulambalala mwaulemu.

"Mayi a mwana! Paja alamu anati potsika tizitani?"

"Si munamva, inu?"

"Sindinamve." Mawuwo anatuluka movuta ngati msomali wadzimbiri.

Mkazi anaima pakhomo, sutikesi ili m'manja. Ataona mwamuna wake maso ali psuu, chisoni chinamugwira.

"Musakoke. Matulani chala chimodzichimodzi kuyambira kunsonga, momwe amachitira nalimata. Mukatsika muzidziphikira nokha. Ndinali ndi zokuuzani, koma basi."

Wopenta anamatula chala, china, chinanso, dzanja lonse n'kumasuka. Anayang'ana pansi, anayang'ana chitseko. Ankadzidziwa yekha kuti miyendo yakeyo ikangoponda pansi ithawanso. Ndiye anabweza dzanja lija kudenga, phaa, n'kulikoka kuti ligwire bwino.

"Yambirani poyamba, mayi. Kuno sindingachoke."

Mkazi anaika sutikesi pansi, anakhalapo, n'kukweza mutu.

"Gwiritsitsani ndithu," anatero. "Ndili ndi pakati."